Ndinakhoza Mayeso Onse, Koma Thandizo la Fizi Anandidula

Imelo ija inafika patangotha masiku atatu zotsatira za mayeso zitatuluka. Ndinali m'basi ya m'mamawa ndikuchokera kuntchito, miyendo itatupa chifukwa choimirira usiku wonse, koma mtima uli m'malo. Semesita imeneyo ndinatenga makosi anayi, ndipo onse anayi ndinakhoza. Amayi ndinali nditawauza kale, iwo n'kuimbira abale kuti mwana uja wadzukanso. Ndiye ndikutsegula foni, ndikupeza uthenga wochokera ku ofesi yoona za thandizo la ndalama ya pakoleji pathu kuno ku America: kuyambira semesita ikubwerayi Pell Grant (thandizo la boma losabweza) palibe, ngongole ya boma palibe, work-study (ntchito yolipidwa yopatsidwa kwa ophunzira osowa) palibenso. Ndinawerenga katatu. Pomwe ndimadzutsa mutu, basi inali itadutsa kale pamalo potsikira.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti sindinalephere. Ine ndinakula ndikudziwa kuti amene amamuchotsa pa thandizo la sukulu ndi wolephera mayeso kapena wopalamula. GPA yanga, imene ndi avereji ya magiredi, inali pamwamba pa 2.0 imene ankafuna. Koma lamulo limene linandigwetsa silinkayang'ana magiredi ayi. Linkawerenga makosi onse amene ndinalembetsa chilowereni pakolejipo, n'kuwayerekeza ndi amene ndinamaliza. Lamuloli linali poyera, pa webusaiti ya koleji ndiponso m'mapepala amene ndinasainira chaka choyamba, koma ine ndinali ndisanaliwerengepo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa anthu amene anandithandiza kulowa koleji amene anandinong'onezako.

Ife amene tinabwera kuno ku America ndi makolo athu, kapena tinabwera titakula kale, nkhani yopeza thandizo timaikamba kwambiri. Timakumbutsana kuti fomu yatsegulidwa, timatumizirana maina a makoleji otsika mtengo, timasangalala limodzi mwana akalandira kalata. Nkhani yosunga thandizolo sitiikamba, chifukwa amene amaidziwa bwino ndi amene linawachokera, ndipo iwowo amakhala chete ndi manyazi. Inenso ndakhala chete zaka zambiri.

Ndiyambe ndi khomo lolowera, chifukwa ena amabwerera asanagogode n'komwe. Thandizo la boma la America limayambira pa fomu imodzi, FAFSA, imene imadzazidwa pa studentaid.gov. Ndi yaulere, ndipo munthu akakupemphani ndalama kuti akutumizireni fomuyi, dziwani kuti akukudyerani masuku pamutu. Oyenera kulandira ndi nzika za dzikoli, okhala ndi green card, othawa kwawo amene boma linawalandira, ndi magulu ena ochepa. Amafuna kuti ukhale unamaliza sekondale kapena uli ndi GED (satifiketi yolowa m'malo mwa ya sekondale), walembetsa maphunziro ovomerezeka, ndipo ulibe ngongole ya sukulu ya boma imene unasiya kubweza. Amene anabwera pa viza ya F-1, ya ophunzira ochokera kunja, sali m'gululi. Iwo chiyembekezo chawo chili pa ndalama za koleji yeniyeniyo, n'chifukwa chake ambiri amadzaza fomu ina ya College Board yotchedwa CSS Profile. Masukulu ngati Harvard, Yale, Princeton, MIT ndi Amherst sayang'ana m'thumba mwa munthu posankha ophunzira, ngakhale ochokera kunja, koma masukulu otere ndi owerengeka.

Fomuyi nthawi zambiri imatsegulidwa pa 1 Okutobala, ndipo imadzazidwa chaka chilichonse, osati kamodzi kokha. Ya chaka cha 2024–25 inachedwa mpaka kumapeto kwa Disembala 2023 chifukwa ankaikonza mwatsopano. Ine yanga inali yakale ija ya mafunso oposa 100, imene inkatulutsa nambala yoyeza mphamvu ya banja kulipira sukulu, yotchedwa EFC. Tsopano nambalayo ndi SAI, ndipo imatha kutsika mpaka −1,500 kwa mabanja osowa kwambiri. Koleji imatenga mtengo wonse wophunzirira chaka, kuphatikiza fizi, malo ogona, mabuku ndi mayendedwe, n'kuchotsapo nambala imeneyi kuti ione kusowa kwako. Pell Grant, imene sibwezedwa, inali yosapitirira $7,395 m'chaka cha 2024–25. Zotsalazo ndi ngongole ndi ntchito. Wophunzira wa chaka choyamba amene akadali m'manja mwa makolo angakongole mpaka $5,500, ndipo pa ndalamayi zosapitirira $3,500 ndi zimene boma limalipirira chiwongoladzanja iye akadali pasukulu. Kalata ya koleji imaika zonsezi pamodzi pansi pa mutu umodzi wokoma, moti ine ndi Amayi tinaiwerenga ngati mphatso yonse. Tinazindikira pambuyo pake kuti pafupifupi theka inali ngongole.

Pali zinthu ziwiri pa fomuyi zimene zimapweteka mabanja athu. Choyamba, ukakhala usanakwane zaka 24, usanakwatiwe kapena kukwatira, ulibe mwana womusamalira ndipo sunakhaleko msilikali, kawirikawiri boma limakuwerenga kuti ndiwe mwana wa makolo ako, ngakhale lendi ukulipira wekha. Kholo liyenera kulowa pa fomuyo ndi kuvomera kuti za msonkho wake zitengedwe ku IRS, bungwe la boma lotolera misonkho. Likakana, thandizo lambiri limatsekeka. Ndaonapo bambo wina akukana kwamtuwagalu chifukwa choopa kuti akasaina ndiye kuti ngongole ya mwana yagwera iye, pamene kusainako sikumanga kholo pa ngongole iliyonse. Chachiwiri, fomuyi imayang'ana msonkho wa zaka ziwiri zapitazo. Ya 2024–25 inkafuna za 2022. Ndiye ngati zaka ziwiri zapitazo pakhomo pankalowa ndalama koma lero wogwira ntchito ali chigonere, pepala limaonetsabe kuti muli bwino. Izi n'zimene zinatichitikira ife.

Semesita yanga yoyamba ndinalembetsa makirediti 12 (kirediti ndi muyeso wa kukula kwa kosi) ndipo ndinamaliza onse. Yachiwiri anandisinthira nthawi kuntchito, makalasi awiri a m'mawa anayamba kundipita. Mnzanga wina wa m'kalasi, amene ankandifunira zabwino ndithu, anandiuza kuti ndingowasiya tsiku lomaliza losiyira lisanakwane. Anati ukasiya amakulembera W, ndipo W sakhudza GPA, kusiyana ndi F amene amakugwetsera pansi. Sananame. Chimene sankadziwa, kapena chimene sichinkamukhudza chifukwa fizi yake ankalipira ndi makolo ake, n'chakuti ku ofesi ya thandizo W amawerengedwa ngati kosi imene unayesa koma sunamalize, chimodzimodzi F. Ndinasiya makosi awiri, ndinamaliza makirediti 6 pa 12, ndipo ndinadziona ngati ndachenjera.

Semesita yachitatu, mu Okutobala, Amayi anagwa kukhitchini. Inali sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, mawu n'kumatuluka movutikira. Mng'ono wanga anali adakali ku sekondale. Ndinkagona pampando wa m'chipatala, m'mawa n'kuthamangira kukalasi ndi zovala za dzulo, usiku kuntchito. Sabata yachisanu ndi chiwiri ndinalephera kupitiriza. Ndinakhala pa kompyuta ya m'chipinda chodikirira odwala, ndinadina batani losiya makosi onse anayi, ndipo sindinauze munthu aliyense wa pakoleji chifukwa chake. Mumtima ndinkati mavuto a pakhomo si onenera anthu achilendo.

Patapita milungu ingapo kunabwera bilu. Apa mpamene ndinadziwa lamulo lina, lobweza ndalama za boma munthu akasiya sukulu pakati. Boma limaona kuti thandizo la semesita umalipeza tsiku ndi tsiku pamene ukuphunzira. Ukasiya semesita isanadutse 60 peresenti, gawo la masiku amene sunaphunzire liyenera kubwerera ku boma. Ukadutsa 60 peresenti, lonse limakhala lako. Semesita yathu inali ya masabata 15, kutanthauza kuti malire anali kumapeto kwa sabata yachisanu ndi chinayi. Ine ndinachoka kutatsala masabata awiri okha. Koleji inabweza ku boma zimene inayenera kubweza, koma fizi yake sinandichotsereko, chifukwa nthawi yobwezera fizi inali itatha kalekale m'masabata oyambirira. Mpata umene unatsalawo unagwera ine, madola oposa 1,000, ndipo anatseka kaundula kuti ndisalembetse makosi mpaka titagwirizana kalipiridwe kake. Ndinawonjezera mashifiti a Loweruka ndi Lamlungu.

Pakati pa maimelo a bilu aja panali ina ya chenjezo. Ndinaitsegula, ndinaona mawu akuti ndipitiriza kulandira thandizo semesita yotsatira, mtima unatsika, ndinaitseka. Ndikanawerenga mpaka pansi ndikanaona kuti andipatsa semesita imodzi yokha kuti ndibwerere pamzere.

Lamuloli amalitcha Satisfactory Academic Progress, kapena SAP mwachidule, ndipo koleji iliyonse yolandira ndalama za boma iyenera kukhala nalo. Lili ndi miyeso itatu. Wa magiredi ndi umene aliyense amaudziwa: pofika kumapeto kwa chaka chachiwiri uyenera kukhala ndi avereji ya C, imene m'makoleji ambiri ndi 2.0. Wina ndi wa nthawi: suyenera kupitirira 150 peresenti ya kutalika kwa maphunziro ako, moti digiri ya makirediti 120 uyenera kuimaliza usanayese oposa 180. Wachitatu, umene unandigwira ine, umachokera pa wachiwiriwu. Kuti munthu amalize 120 mkati mwa 180, ayenera kumamaliza awiri pa atatu alionse amene walembetsa, n'chifukwa chake makoleji ambiri amalemba 67 peresenti. Kosi yobwereza imawerengedwa kawiri pa zoyesa. Makirediti amene wabwera nawo kuchokera ku koleji ina amalowanso m'chiwerengerocho. Makoleji amene amayeza semesita iliyonse amatha kupereka chenjezo ngati langa lija, koma amene amayeza kamodzi pachaka alibe chenjezo, amangodula.

Tsopano taonani masamu anga. Nditasiya semesita yachitatu ndinali nditayesa 36, ndamaliza 18, theka lenileni. Semesita yachinayi ndinalimbikira mpaka kuwonda, ndinakhoza 12 onse. Zinakhala 30 pa 48, kutanthauza 62.5 peresenti. Ngakhale ndikanapeza A m'makosi onse anayi, sindikanafika pa 67. Semesita ya chenjezo ija ndinailowa nditagwa kale, ndipo munthu aliyense wa mu ofesi ija akanandiuza zimenezi mu mphindi ziwiri ndikanangofunsa.

Masiku anayi ndinabisa nkhaniyi. Lachisanu lake Amayi, amene nthawi imeneyo anali atayamba kuyenda ndi ndodo, anandiyang'ana ndikutsuka mbale imodzimodzi kawiri. Anati, "Mwananga, chikukudya mumtima n'chiyani?" Nditawafotokozera anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, mawu akukokeka monga ankayankhulira masiku amenewo, "Ndine ndakuchotsa sukulu." Mawu amenewo ndi amene anandidzutsa. Sindikanalola kuti asenze mlandu umenewu pamwamba pa matenda.

Lolemba ndinapita ku ofesi ija koyamba chilowereni pakolejipo. Mayi amene anandilandira anali wachikulire, magalasi ali pamphuno, patebulo pali bokosi la tishu limene linali litatsala pang'ono kutha. Anatembenuza kompyuta kuti tizionera limodzi, anatenga kapepala kachikasu n'kulembapo 30 pamwamba, mzere, 48 pansi. Kenako anandifunsa chimene chinachitika mu Okutobala uja. Ndinafotokoza zonse, za kukhitchini, za mpando wa m'chipatala, za batani lija. Anavula magalasi nati, "Bwanji simunabwere nthawi imeneyo?" Ndinayankha zoona, kuti ndinkachita manyazi, ndiponso sindinkadziwa kuti ofesiyi imamva nkhani za matenda. Ndinkaiona ngati malo olipirira ndalama basi.

Anandiwerengera zimene zikanatheka. Akanandiuza tsiku limene 60 peresenti inkakwana. Akanandilangiza kupempha aphunzitsi giredi ya I, imene imapatsa munthu nthawi yomalizira ntchito pambuyo pa semesita, mwina makosi awiri akanapulumuka. Ndipo chimene chinandipweteka koposa: lamulo limapatsa ofesi imeneyi mphamvu yoonanso nambala za pa FAFSA ngati zinthu pakhomo zasintha, monga kutha kwa ntchito kapena mabilu aakulu a chipatala. Chaka chonse ndinkalandira thandizo lowerengedwa pa malipiro a Amayi a nthawi imene ankagwira ntchito ziwiri, pamene iwo anali asakugwiranso ngakhale imodzi. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya chaka chathunthu.

Njira imene inatsala inali apilo. Malamulo a boma amalola koleji kumva apilo ngati panali imfa ya wachibale, matenda kapena kuvulala kwa wophunzira, kapena vuto lina lapadera. Kalata ya apilo iyenera kuyankha mafunso awiri: chinakulepheretsa n'chiyani, ndipo chasintha n'chiyani kuti usalepherenso. Mayi aja anandichenjeza kuti ambiri amadzaza masamba ndi funso loyamba n'kuiwala lachiwiri, pamene komiti imayang'ana kwambiri lachiwirilo. Kalata yanga yoyamba inali ya masamba atatu, yodzaza misozi. Imene ndinapereka inali ya tsamba limodzi. Ndinalemba tsiku limene Amayi anagonekedwa ndi limene anatuluka, ndinaikapo kalata ya dokotala, ndinafotokoza kuti tsopano pali munthu wobwera kudzawathandiza masana, ndinaikaponso kalata ya abwana anga yosonyeza kuti maola anga achepetsedwa. Ndinawonjezera kuti semesita yomwe yangothayo ndinakhoza zonse, monga umboni wakuti zinthu zasinthadi. Patatha milungu iwiri anavomera. Anandipatsa semesita imodzi yondiyesa, kuti ndimalize kosi iliyonse imene ndalembetsa popanda W ngakhale mmodzi. Ndinamaliza 12, zinakhala 42 pa 60, 70 peresenti, ndipo dzina langa linabwerera pamzere.

Ngakhale zinatha bwino, semesita yotayika ija sinabwerere. Pell Grant ili ndi malire a moyo wonse, ofanana ndi masemesita 12 a wophunzira wa nthawi zonse, ndipo gawo limene ndinadya m'semesita imene sindinapezemo kirediti ngakhale imodzi linawerengedwa ndithu. Ngongole nayo ili ndi wotchi yake: ukatsika pansi pa theka la makosi, kawirikawiri makirediti 6, miyezi isanu ndi umodzi yopumira usanayambe kubweza imayamba kuwerengedwa. Ine ndinapulumuka chifukwa ndinabwerera mu Januwale miyeziyo isanathe.

Ndakhala ndikuliganizira lamuloli, ndipo sindinganene kuti ndi loipa lonse. Ndalamazi ndi za okhoma msonkho, ndipo si chifundo kulola munthu kumakongola chaka ndi chaka pa digiri imene sadzaimaliza. Komabe pali chimene chimandiwawa. Mnzanga uja wolipiriridwa ndi makolo akanatha kusiya makosi khumi popanda womufunsa. Amene amayezedwa ndi muyeso wa 67 ndi wosauka, yemweyo amene amagwira ntchito usiku, yemweyo amene kholo likadwala palibe wina wolidikirira. Lamulo lalikulu limene thandizo lonseli limachokera, Higher Education Act, analisaina ndi Pulezidenti Lyndon B. Johnson mu 1965, ku San Marcos m'boma la Texas, pakoleji imene iye mwini anaphunzira. Johnson ameneyu ali wophunzira anaimitsako maphunziro ake kupita kukaphunzitsa ana osauka ku Cotulla kuti apeze ndalama. Thandizo limene mu 1980 analipatsa dzina la Senator Claiborne Pell linayamba ndi lamulo la 1972, ndipo cholinga chake chinali anthu ngati ife, amene moyo umawadula mwendo pakati pa ulendo. Ndiye ngati koleji ikudziwa kuti wophunzira walowa semesita ya chenjezo imene masamu akusonyeza kuti sangaipambane, imelo yokha sikwanira. Muimbireni foni. Muitaneni. Ndipo batani losiyira makosi lisamalole munthu wolandira thandizo kudina asanaonetsedwe chimene ataye. Kwa wa viza ya F-1 n'zoopsa kuposa apa, chifukwa kutsika pansi pa makirediti 12 popanda chilolezo cha ofesi yoona za ophunzira akunja kumagwedeza ngakhale chilolezo chake chokhalira m'dzikoli.

Mng'ono wanga uja tsopano ali ku koleji. FAFSA yake tinadzaza limodzi, ine pa kompyuta, Amayi pambali ndi foni yawo akudikira nambala yotsimikizira kuti alowe mbali yawo. Kalata ya thandizo itabwera tinatenga cholembera, tinazunguliza zosabweza, tinadula mzere kunsi kwa ngongole. Iye ali ndi sikolashipu ina ya koleji yomweyo, yofuna GPA yokwera kuposa ya boma ndiponso kuti asatsike pansi pa makirediti 12.

Usiku wina mu semesita yake yoyamba anandiimbira, mawu ali onjenjemera. "Achemwali, Chemistry yandikanika. Mayeso awiri onse ndalephera. Anzanga akuti ndingoisiya, W sakhudza GPA."

Ndinakhala tsonga pabedi. Ndinamufunsa kuti walembetsa makirediti angati. Anati 14. Chemistry ndi angati? Anayi. Ndinamuuza atenge pepala alembe 10 pamwamba, 14 pansi, agawe. Anapeza 71. Ndinati wapulumuka ndi pang'ono pa lamulo la boma, koma kosi ina imodzi ikangokuterereka wagwa, ndipo 10 ali pansi pa 12 amene sikolashipu yako ikufuna. Anakhala chete, kenako anafunsa chochita. Ndinamuuza kuti asadine kanthu usiku umenewo, ndipo m'mawa asapite kwa anzake kapena kwa ine, apite ku ofesi ya thandizo akanene zonse monga zilili, ngakhale zamanyazi.

Anapitadi. Chemistry anaisiya, chifukwa mphunzitsi wake anamuuza mosabisa kuti kukhoza kunali kutatalika. Koma asanaisiye anamupezera kosi ina ya masabata asanu ndi atatu yoyamba pakati pa semesita, ya makirediti atatu, ndipo anamulembera pa imelo kuti sikolashipu yake sikhudzidwa. Madzulo ake ananditumizira chithunzi cha pepala lake lija. Anali atafufuta 10 ndi 14, pambali pake atalemba 13 pamwamba, 17 pansi, ndi 76 atamuzunguliza kawiri. Ndinawaonetsa Amayi, iwo anatenga foniyo ndi dzanja lamanzere n'kuiyandikiza kumaso, ndipo anandiuza kuti ndiwawerengere nambalazo pang'onopang'ono.